Magazi akasiyana, kusinthana impso si malonda

Tiyerekeze banja la ku Makanjira, kutsidya kwa nyanja m'boma la Mangochi. Mayi wa ana asanu wayamba kutupa mapazi ndi nkhope, chakudya chikumukana, mkodzo wachepa. Achoka pa chipatala chaching'ono kupita cha pa boma, kuchoka apo atumizidwa ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, ndipo kumeneko madokotala amuuza kuti impso zake zonse ziwiri zaleka kugwira ntchito ndipo sizidzadzukanso. Kuyambira tsiku limenelo moyo wake wamangiriridwa ku makina osefa magazi, aja timawatcha dialysis: maola pafupifupi anayi pa makina, kawiri kapena katatu sabata iliyonse, popanda tsiku lomaliza. Makinawo ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, ndipo ndi ochepa. Choncho mayiyo asiya dimba, asiya ana, asiya mzikiti umene adakuliramo, n'kukakhala mlendo kwa achibale ku Ndirande kapena ku Bangwe.

Mwamuna wake atamva kuti munthu angathe kukhala moyo ndi impso imodzi, anena mosazengereza: "Adokotala, ine ndili nazo ziwiri. Tengani imodzi muwapatse mayi a kunyumbawa." Mwana wawo woyamba, mnyamata wamkulu amene tsopano amalowa m'nyanja yekha, anenanso chimodzimodzi. Achibale ayamba kusonkha ndalama za ulendo wa kunja, wina agulitsa ng'ombe, wina injini ya boti. Kenaka zotsatira za magazi zituluka: bambo sakugwirizana ndi wodwala, mwana nayenso ayi. Banja libwerera kumudzi ndi mawu amene tonse timawadziwa: ndi mmene Allah adakonzera.

Kukhulupirira chikonzero cha Allah ndi imodzi mwa nsanamira za chikhulupiriro chathu, ndipo sitikufuna kuchepetsa chitonthozo chimene mawu amenewa amabweretsa pa banja losweka mtima. Koma chipembedzo chomwecho chimatilimbikitsa kufunafuna mankhwala, ndipo khomo limene sitidaligogode n'komwe sitingalitche lotsekedwa ndi Mulungu. Mfundo yathu lero ndi iyi: magazi akakana, nkhani ya impso siinathe. Pali njira imene mabanja awiri okanidwa amapulumutsirana odwala awo, ndipo ife tikuona kuti njirayo si malonda a ziwalo amene Shariya imaletsa. Tikuonanso kuti ingasanduke malonda mosavuta ngati sitiiikira mpanda. N'chifukwa chake iyenera kukambidwa m'mizikiti ndi m'mabanja tsiku la mavuto lisanafike.

N'chifukwa chiyani thupi limakana m'bale?

Pali makoma awiri amene amatsekereza impso ya munthu wamoyo kuti isakhazikike m'thupi la mnzake. Loyamba ndi gulu la magazi. Wa gulu O angathe kupatsa aliyense, koma iye amalandira kwa wa O mnzake yekha. Wa A amapatsa wa A kapena wa AB, wa B amapatsa wa B kapena wa AB, pamene wa AB amalandira kwa onse koma amangopatsa wa AB mnzake. Chizindikiro chija cha positive kapena negative chimene chimalembedwa pambali pa gulu la magazi sichiletsa kanthu pa nkhani ya impso.

Khoma lachiwiri ndi lobisika. Maselo a munthu aliyense ali ndi zizindikiro zobadwa nazo, zimene madokotala amazitcha HLA. Theka limachokera kwa bambo, theka kwa mayi. Thupi likakumana ndi zizindikiro za munthu wina lingathe kupanga asilikali apadera a m'magazi, otchedwa ma antibody, ndipo asilikali amenewa saiwala nkhope. Kukumanako kumachitika m'njira zitatu: kuthiridwa magazi, kulandira chiwalo, ndi kutenga pakati. Apa ndi pamene pagona chisoni cha mayi wa ku Makanjira uja. Mwana aliyense amene adamunyamula m'mimba adali ndi theka la zizindikiro za bambo wake, ndipo thupi la mayiyo lingakhale litaphunzira kale kulimbana nazo. Motero mwamuna amene wabereka naye ana asanu, pamodzi ndi anawo, ndiwo amakhala oyamba kukanidwa. Asanachite opareshoni, madokotala amasakaniza madzi a m'magazi a wodwala ndi maselo a wopereka. Asilikali aja akaukira, amaimitsa zonse, chifukwa impso yotere ingawonongeke m'maola ochepa itangoikidwa. Akatswiri amawerengera kuti mwa anthu atatu alionse odzipereka kupatsa m'bale impso, pafupifupi mmodzi amabwezedwa ndi limodzi la makoma awiriwa.

Tinene pano mosabisa, chifukwa tikudziwa mmene manong'onong'o amayendera m'midzi mwathu: kusagwirizana kwa magazi si umboni wakuti mwana ndi wa kwina, si chizindikiro cha chidani chobisika, ndipo si ufiti. Bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B angathe kubereka mwana wa A, wa B, wa AB ngakhalenso wa O. Kukayikira mayi wodwala chifukwa cha pepala la ku labotale ndi kumuonjezera bala pa bala, ndipo kumunamizira munthu wodzisunga ndi tchimo lalikulu m'Chisilamu.

Njira ziwiri zodutsira

Njira yoyamba ndi yogumula khomalo. Kwa masiku kapena masabata opareshoni isanachitike, makina amachotsa madzi a m'magazi okhala ndi asilikali aja n'kubwezeramo ena, ndipo wodwala amapatsidwa mankhwala amphamvu, monga rituximab, ofooketsa maselo amene amawapanga. Dokotala wa ku Belgium, Guy Alexandre, adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti impso ingadumphe gulu la magazi, ndipo dziko la Japan, kumene impso za anthu omwalira zimapezeka mwa apo ndi apo, lidaigwiritsitsa njirayi kuyambira 1989. Kale ankachotsa ndi kapamba yemwe. Lero mankhwala adalowa m'malo mwa mpeni. Pa kusiyana kwa gulu la magazi, zotsatira zake m'zipatala zozolowera zimayandikira za impso yogwirizana, ngakhale kuti miyezi yoyamba imakhala yoopsa kwambiri chifukwa cha matenda olowa pamene chitetezo chafooka, komanso kutaya magazi.

Khoma la HLA ndilo louma. Kafukufuku wa m'zipatala 22 za ku America, amene adasindikizidwa mu 2016, adapeza kuti patapita zaka zisanu ndi zitatu, pafupifupi 77 mwa odwala 100 alionse amene adalandira impso yosagwirizana m'njira imeneyi adali moyo, poyerekeza ndi 44 mwa amene adatsalira pa makina osalandira impso konse. Koma kafukufuku wina wa ku Britain, wa mu 2017, sadapeze kusiyana kotere pakati pa amene adagumula khoma ndi amene adadikira impso yowayenera. Chimene onse amavomerezana n'chakuti njirayi ndi yodula kwambiri ndipo imafuna kuyezedwa pafupipafupi kwa zaka. Kwa banja limene lagulitsa kale injini ya boti, amenewo si mawu ang'onoang'ono.

Njira yachiwiri ndi yozungulira khomalo. Tiyerekeze banja lina la ku Nkhotakota: bambo akudwala impso, mchemwali wake wadzipereka, koma magulu a magazi awo asiyana. Mwayi wake, impso ya mchemwaliyo ikugwirizana ndi mayi wa ku Makanjira, chifukwa asilikali a m'magazi a mayiyo sadaonepo zizindikiro za mlendo ameneyu. Ndipo impso ya mwamuna wa ku Makanjira ikugwirizana ndi bambo wa ku Nkhotakota. Pamenepo mwamuna wa ku Makanjira apereka kwa bambo wa ku Nkhotakota, mchemwali wa ku Nkhotakota apereka kwa mayi wa ku Makanjira. Odwala awiri alandira impso zogwirizana ndi matupi awo, popanda chithandizo chodula chija. Nthawi zina mabanja amakhala atatu, kupatsana mozungulira.

Njirayi si yachilendo. Impso yoyamba kuikidwa n'kugwira ntchito kwa zaka idachokera kwa munthu wamoyo: mu 1954, ku Boston m'dziko la America, dokotala Joseph Murray adachotsa impso kwa Ronald Herrick n'kuiika mwa m'bale wake Richard. Awiriwo adali mapasa ofanana, choncho thupi silidaone mlendo. Ganizo losinthana opereka adalilemba dokotala Felix Rapaport mu 1986, ndipo oyamba kulichita adali madokotala a ku South Korea mu 1991. America idatsatira mu 2000, Netherlands idakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse mu 2004, ndipo Britain idayamba mu 2007. Kumeneko kompyuta imafufuza mabanja oyenerana kanayi pa chaka. Ena mwa amene adakonza masamu a kafufuzidwe kotere ndi akatswiri a zachuma Alvin Roth, Tayfun Sönmez ndi Utku Ünver, ndipo ntchitoyi ndi imodzi mwa zimene zidapezetsa Roth mphoto ya Nobel mu 2012. Si nkhani ya maiko a Azungu okha: chipatala cha King Faisal Specialist Hospital ku Riyadh, m'dziko la Saudi Arabia, chili ndi ndondomeko yaikulu yotere, ndipo ku Ahmedabad m'dziko la India kwachitika maopareshoni mazanamazana osinthana.

Maulama adati chiyani za kupereka chiwalo?

Tisanafike pa kusinthana, tiyambe ndi kupereka kumene. Maulama sadalankhule ndi pakamwa pamodzi. Mufti Muhammad Shafi wa ku Pakistan ndi Sheikh Muhammad Mutawalli al-Sha'rawi wa ku Egypt ndi ena mwa akuluakulu amene adakana. Maganizo awo ndi olemera: thupi ndi amana, chinthu chimene Allah watisungitsa, ndipo munthu sangapereke chimene si chake, komanso mwana wa Adam ndi wolemekezeka, sayenera kusanduka nkhokwe ya ziwalo. Msilamu amene watsatira maganizo amenewa mwa chikhulupiriro sayenera kunyozedwa kapena kutchedwa woumira.

Komabe mabungwe akuluakulu a fiqh adalola. Mu 1985, ku Makkah, bungwe la fiqh la Muslim World League lidagamula kuti kuchotsa chiwalo kwa munthu wamoyo n'kuchiika mwa wina amene akuchifuna kuti apulumuke n'kololedwa, ndiponso n'kotamandika, pokhapokha zinthu zinayi zitakwanira: woperekayo asavulazidwe mosokoneza moyo wake wa tsiku ndi tsiku, apereke mwa kufuna kwake popanda kukakamizidwa, pasakhale njira ina yochizira wodwalayo, ndipo madokotala aziona kuti opareshoni ili ndi mwayi waukulu woyenda bwino. Mu 1988, ku Jeddah, bungwe la International Islamic Fiqh Academy, la maiko a Chisilamu, lidaletsa kuchotsa kwa munthu wamoyo chiwalo chimene moyo wake wadalira, monga mtima, ndipo lidatsindika kuti chilolezo chilichonse pa nkhaniyi chaimira pa mfundo yakuti chiwalo cha munthu chisagulitsidwe. Aliyense amene adakhalapo pa mphasa ya madrasa akudziwa kulemera kumene ndime 32 ya Surah Al-Maidah imaika pa moyo wa munthu mmodzi, ndipo maulama olola adatsamira kwambiri pamenepo.

Ife tili kumbali ya olola. Amana si kukumbatira chinthu mpaka kumanda. Ndi kuchigwiritsa ntchito mmene Mwini wake angakondwere. Msodzi amene walumphira m'mafunde a mwera kuti avuule mnzake waika thupi lake pa ngozi, koma palibe sheikh amene amamutcha wosakhulupirika pa amana. Ndipo dialysis, ngakhale imasunga moyo, siichiritsa. Amene alandira impso amakhala nthawi yotalikirapo ndiponso amabwerera ku ntchito zawo ndi ku mabanja awo.

Nanga kusinthana si kugulitsa?

Funso limeneli ndi lenileni, ndipo sitilipeputsa. Kuno kunyanja tikudziwa kuti malonda sadikira ndalama. Mayi wa kumtunda akabwera ndi chimanga n'kubwerera ndi usipa, wagula ndipo wagulitsa, ngakhale kwacha sinaoneke. Mabuku a fiqh nawonso amaika kusinthanitsa katundu ndi katundu m'gulu la malonda. Kuposa apo, m'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, mphatso imene yaperekedwa ndi pangano lakuti padzabwere chobwezera chodziwika imatenga chigamulo cha malonda. Tsono munthu angafunse: mwamuna wa ku Makanjira sakadapereka impso kwa bambo wa ku Nkhotakota pakadapanda mchemwali uja kulonjeza yake. Kodi imeneyo si mphatso ya chobwezera? Ngati ndi choncho, si malonda a chiwalo amene bungwe la ku Jeddah lidaletsa?

Ife tikuti ayi, pa zifukwa zinayi. Choyamba, pa malonda wogulitsa amabwerera ndi kanthu kolowa m'chuma chake. Apa wopereka amatuluka m'chipatala ndi impso imodzi ndi chipsera. Palibe chimene chalowa m'dzanja lake kapena m'thupi mwake. Wina adzati wapindula, chifukwa mkazi wake wachira. Zoona, koma phindu limenelo ndi lomwe lija akadalipeza akadapereka kwa mkazi wake mwachindunji, chimene maulama adachilola kale. Kusinthana sikudamuonjezere kalikonse. Kwangosintha njira imene mphatso yake yadzera.

Chachiwiri, palibe mtengo ndipo palibe kunenerera. Mabanja sasankhana okha ngati pa msika. Amayenerezedwa ndi madokotala poona magazi, ndipo m'maiko ambiri sadziwana n'komwe opareshoni isanachitike.

Chachitatu, malonda amamanga: wogula amene walipira ali ndi ufulu woitanitsa katundu wake ngakhale pa bwalo la milandu. Lonjezo la impso silimanga munthu. Wopereka angathe kubwerera m'mbuyo mpaka mphindi imene akumugoneka tulo, ndipo palibe khoti limene lingamukakamize. N'chifukwa chake madokotala amakonda kuchita maopareshoni a opereka onse pa nthawi imodzi, kuti banja lina lisapereke n'kutsala manja lende.

Chachinayi, tione chimene chidaletsetsa malonda a ziwalo. Ndi kuopa kuti munthu asasanduke katundu, ndi kuti olemera asamakolole matupi a osauka. Pa kusinthana, banja lililonse limabwera ndi wodwala mmodzi ndi wopereka mmodzi. La mwini maboti khumi ndi la wopalasa bwato la mwini amabweretsa zofanana. Nawonso opanga malamulo ku America adakumana ndi funso lomweli. Lamulo lawo la 1984 limaletsa kupereka chiwalo posinthana ndi chinthu chamtengo, ndipo mu 2007 nyumba yawo ya malamulo idalongosola poyera kuti kusinthana opereka sikugwa m'chiletsocho.

Chifaniziro choyenera si cha chimanga ndi usipa, koma cha khoka. Khoka lili ndi zingwe ziwiri, ndipo magulu awiri amakoka pagombe, lililonse chingwe chake. Palibe amene amati gulu lina lagula mphamvu za linzake. Limodzi likataya chingwe, nsomba zathawa onse. Kumeneko ndiko kuthandizana pa zabwino kumene ndime yachiwiri ya Surah yomweyo ya Al-Maidah imatiitanira.

Koma mpanda wake ndi woonda. Tsiku limene banja lina lidzati wopereka wathu ndi wachinyamata, wanu ndi wachikulire, onjezerani kangachepe, malonda ayamba. Tsiku limene munthu wolemera adzabweretsa wantchito wake n'kumutcha mphwake, kapena adzalonjeza kukhululuka ngongole, kupereka munda kapena boti kwa "m'bale" amene wavomera, malonda ayamba, ngakhale mapepala atanena zina. Kubwezera wopereka ndalama zimene wawononga pa ulendo, pa chipatala ndi pa masiku amene sadagwire ntchito si mtengo wa impso. Chikalata cha Declaration of Istanbul, chimene akatswiri a maiko ambiri adagwirizana mu 2008 polimbana ndi malonda a ziwalo, chimasiyanitsa ziwirizi. Wopereka asalemere nayo impso yake, komanso asasauke nayo.

Mafunso a pakhonde

Ena adzafunsa za niya: kodi mphoto ilipo pamene mtima wa wopereka uli pa mkazi wake, osati pa mlendo amene walandira? Ife tikuona kuti kufunira moyo mkazi wako, kholo lako kapena m'bale wako si niya yotsika. Kusunga chibale ndi kukhala bwino ndi a m'nyumba mwako ndi mapemphero mwa iko kokha. Ndipo pali ena amene amapitirira apo, n'kupereka impso kwa aliyense wosamudziwa. Munthu wotere amayambitsa unyolo: impso yake ipita kwa wodwala woyamba, m'bale wa wodwalayo apereka kwa wachiwiri, n'kumapitirira. Ku America unyolo wina umene udayamba mu 2011 udafikira odwala 30.

Ena adzafunsa za chipembedzo cha banja linalo. Kompyuta siiona kofia kapena mtanda, imaona magazi. Impso ndi sefa ya thupi, siinyamula chikhulupiriro. Tikathiridwa magazi m'zipatala zathu sitifunsa kuti adapereka amapemphera kuti, ndipo mabanja ambiri a kunyanja kuno ali ndi Asilamu ndi Akhristu pa mbumba imodzi. Kuchitira zabwino mnansi wa mtendere wa chipembedzo china si chinthu chachilendo m'Chisilamu.

Enanso adzafunsa ngati impso imapanga chibale choletsa ukwati, monga umachitira mkaka wa m'mawere. Chigamulo cha kuyamwitsa ndi cha mkaka, ndi malire ake odziwika. Maulama sadachifutukule kufikira magazi kapena ziwalo. Mkazi akapatsa mwamuna wake impso, nikah yawo ili chilili. Mwamuna wa ku Makanjira sakhala mahram wa aliyense ku Nkhotakota. Za kusala mwezi wa Ramadhan, wopereka akachira kawirikawiri amasala monga kale atafunsa dokotala, pamene wolandira amalangizidwa kuti asasale makamaka chaka choyamba, chifukwa mankhwala ake ali ndi maola ake ndipo impso yatsopano siifuna ludzu. Chipembedzo chidamupatsa kale wodwala chilolezo chimenecho.

Amene ayenera kutetezedwa koposa

Pa maopareshoni onse, wopereka impso ndiye munthu amene amalowa wathanzi, osafuna kuchizidwa kanthu. Ngozi yake ndi yochepa koma ilipo. Kafukufuku wa ku America wa mu 2010 adapeza kuti pafupifupi atatu mwa opereka 10,000 alionse ankamwalira m'miyezi itatu yoyamba, ndipo chiwerengerocho chatsika m'zaka zotsatira. Mwayi woti impso yotsalayo idzafooke mtsogolo umakwera pang'ono, ndipo mayi amene adzatenge pakati atapereka amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha kuthamanga kwa magazi. N'chifukwa chake wopereka amayezedwa mozama, ndipo wa shuga kapena wa BP yosamvera mankhwala amabwezedwa.

Kusinthana kuli ndi mbali ina imene tiyenera kuiona. Kale mawu akuti "magazi sakugwirizana" adali pothawira pa munthu amene ankaopa koma sakadatha kukana pamaso pa akuluakulu. Njira yatsopanoyi imatseka pothawirapo. M'maiko ambiri, kuphatikizapo India, opereka ambiri ndi amayi, pamene olandira ambiri ndi abambo. Kuno kwathu tikudziwa amene amakhala chete mwinimbumba akalankhula: mtsikana wosakwatiwa, mwana wamasiye woleredwa pakhomo, mkazi woopa kusiyidwa. Chete wotere si chilolezo. Mfundo yachiwiri ya ku Makkah ija imafuna mtima womasuka, ndipo amalume kapena mwamuna alibe ufulu wopereka impso ya munthu wina. Madokotala abwino amalankhula ndi wopereka payekha, ndipo akakana amasunga chinsinsi chake. Nafenso m'mabanja tiphunzire kulandira "ayi" popanda kusala wonenayo.

Zimene tingachite kuno kwathu

Odwala a kuno ofuna impso amapita kunja, ambiri ku India. Lamulo la kumeneko la 1994 limaletsa malonda a ziwalo, ndipo litakonzedwanso mu 2011 lidalola kusinthana pakati pa mabanja amene wopereka ndi wodwala ali pa chibale chapafupi. Koma lamulo lomwelo silola nzika ya India kupatsa mlendo impso pokhapokha ali achibale apafupi. Tanthauzo lake n'lakuti banja la ku Malawi lisayembekeze kukapeza losinthana nalo pakati pa eni dziko. Banja linzake liyenera kufunidwa kuno. Ndipo aliyense amene angakunong'onezeni kuti ali ndi wopereka wokonzeka, mungolipira, ameneyo akukukokerani ku haramu ndi ku ndende.

Choncho tikupempha zinthu zinayi. Masheikh athu, kudzera m'mabungwe monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi, akhale pansi ndi madokotala a impso, aunike mfundo zimene tapereka pano, n'kutulutsa chitsogozo m'Chichewa ndi m'Chiyao chimene chingamveke pa khutba ya Ijumaa ndi pa Radio Islam. Ife sitikupereka fatwa. Tikupempha kuti iperekedwe anthu asanafike pa bedi la chipatala. Unduna wa Zaumoyo ndi madokotala a m'zipatala za dialysis asunge kaundula wa odwala amene ali ndi wopereka wosagwirizana naye, wa dziko lonse ndi wa zipembedzo zonse, chifukwa mabanja akachuluka m'kaundula mwayi wopezana umakula. Chipatala cha Muhimbili ku Tanzania chidayamba kuika impso mu 2017, ndipo University Teaching Hospital ku Zambia idachita opareshoni yoyamba mu 2018. Tsiku lathu likadzafika, kaundulayo adzatipeze tili nawo kale. Makomiti a zakaat ndi sadaka akumbukire kuti wolandira impso amamwa mankhwala oletsa thupi kuikana tsiku lililonse kwa moyo wake wonse, ndipo akawasiya chifukwa cha umphawi, mphatso ya mabanja awiri yatayika. Pomaliza, banja lililonse louzidwa kuti magazi akana lifunse dokotala mafunso awiri: akana pa gulu la magazi kapena pa asilikali a HLA, ndipo kodi chipatala chimene tikupitako chimachita zosinthana?

Koma impso yabwino koposa ndi imene tidabadwa nayo. Likodzo, limene timalitenga m'madzi momwe timasamba ndi kuchapa, likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi njira za mkodzo mpaka kufooketsa impso. Mwana wokodza magazi sakukula, akudwala, ndipo mankhwala a praziquantel alipo. BP ndi shuga zimadya impso mwakachetechete kwa zaka; kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa. Mapiritsi opha ululu monga diclofenac ndi ibuprofen, amene ambiri amamwa tsiku ndi tsiku akachoka ku khoka, komanso zitsamba zosadziwika muyezo, zimapweteka impso. Kusamala zimenezi nakonso ndi kusunga amana.

Banja la ku Makanjira ndi la ku Nkhotakota tangowayerekeza, koma mabanja otere alipo m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo lililonse likuganiza kuti lili lokha. Mwina abambo awo adaimapo pa mzere umodzi wa Swala osadziwa kuti aliyense wanyamula chimene mnzake akulirira. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Udindo wathu ndi kuonetsetsa kuti mabanja amenewa apezane, kuti wopereka apereke ndi mtima womasuka, ndi kuti pakati pawo pasadutse ngakhale tambala. Allah ndiye Wodziwa koposa.